Kodi Mwamuna Timamuyesa ndi Muyeso Uti? Chidule cha Khutba ya ku Mchinji



Abale ndi alongo mu Chisilamu, khutba yomwe tikuifupikitsa m'kope lino siidaperekedwe kunyanja kuno ayi. Idaperekedwa pa mzikiti wina wa m'boma la Mchinji, kumalire a dziko lino ndi Zambia, pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuzambwe kwa Lilongwe. Taisankha dala. Ana athu ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali kumeneko: ena amagulitsa usipa ndi utaka wouma, ena ndi atelala, ena amagula mtedza pa Kamwendo, ndipo ena amadutsa pa chipata cha Mwami kukasaka malonda ku Chipata. Kumene munthu wapeza nsima nkomwenso amapeza banja, choncho nkhani za ku Mchinji zimafika pakhonde pathu, tifune tisafune.

Chidayambitsa khutbayi ndi mkangano wa ukwati. Mnyamata wina wa kunyanja, telala, adafunsira mbeta kwa Angoni, mtsikanayo atalowa kale Chisilamu. Akuchikazi adatchula malowolo monga mwa mwambo wao. Amalume a mnyamata, amene adayenda ulendo wautali kudzaimira mphwao, adapsa mtima nanena kuti kwao munthu sagulidwa ngati mbuzi. Akuchikazi adabweza kuti mwamuna wolephera kutulutsa ng'ombe ngwodyera kwa apongozi, ndipo sangamupatse mwana wao. Akuchimuna nawo adaponya lao, kuti iwo sangaphunzitsidwe za umuna ndi anthu amene sadapite ku ndagala. Bwalo lidabalalika mbali iliyonse itauza inzake kuti si amuna. Shehe sadatchule maina pa mimbari, komabe adati nkhaniyi ndi ya tonsefe, popeza mbali zonse ziwiri zidali ndi muyeso m'manja, koma miyesoyo siidali yofanana.

Adayamba ndi kulongosola kumene miyesoyi idachokera, ndipo adatichenjeza kuti tisaseke mwambo wa mnzathu tisanaumvetse. Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu ndi nthambi ya Angoni a Mpezeni, mwana wa Zwangendaba uja adaoloka Zambezi ndi anthu ake m'chaka cha 1835. Mtunduwu udakhala zaka zambiri uli pa ulendo ndi pa nkhondo. Pa moyo wotere mudzi udafunikira anyamata olimba mtima, odziwa kugwira chishango ndi nthungo, ndi omvera akulu ao mosawiringula. Chuma chao chidali choyenda chokha ndi miyendo, ndiye ng'ombe. Ng'ombe zikalowa m'khola la akuchikazi, ana obadwa m'banjamo amakhala a kuchimuna, ndipo mabanja awiriwo amamangika pa ubale wovuta kuumasula. Kwa Mngoni malowolo si mtengo wa munthu. Ndi umboni woti mwamunayu ali ndi abale omuimira ndipo sadzathawa usiku. Mpaka lero, mwezi wa February uliwonse, Angoni a ku Mchinji amaoloka malire kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni, kumene amuna amavina ingoma atanyamula zishango ndi zibonga, kukumbuka masiku amenewo.

Achewa a kwa Mkanda ndi madera ena a bomali muyeso wao ngwina. Kwa iwo mudzi ndi mbumba, ndipo mwamuna wolemekezeka ndi mwinimbumba, nkhoswe ya alongo ake ndi ana ao. Ufumu umatsata kuchikazi. Mwamuna akakwatira amakakhala chikamwini, ndipo kutenga mkazi kupita naye kwao, chitengwa, nkochita kupempha. Chodabwitsa nchakuti munthu mmodzimodziyo amakhala wamng'ono kumudzi kwa mkazi wake, kumene amamuuza kuti mkamwini asamakule mwendo, koma akangofika kwao amamuyalira mphasa, mlandu sungagamulidwe iye palibe. Palinso gule wamkulu, amene ife Asilamu sitilowa: kumeneko mnyamata amene sadapite ku dambwe amatengedwa ngati mwana ngakhale ndevu zitamera.

Nanga ife a kunyanja? Ambiri a ife pa nkhani ya mbumba tili pafupi ndi Achewa kusiyana ndi Angoni. Koma tili ndi miyeso yathu iwiri imene timainyadira, jando ndi ulendo. Makolo athu Achiyao ankayenda miyezi kupita ku Kilwa ndi madoko ena a kunyanja yamchere, atasenza minyanga ya njovu, nabwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Yohanna Abdallah, amene buku lake la mbiri ya Ayao lidasindikizidwa m'chaka cha 1919, adalongosola momwe munthu woyenda ankamvedwera pabwalo pamene wokhala pamudzi ankasekedwa. Sitibisa kuti ena mwa maulendowo adali a malonda a akapolo, ndipo chimenecho si chonyadira. Koma mtima woti mwamuna ndi woyenda udakalipo. Ndiwo ukukweza ana athu mabasi a ku Joni.

Apa Shehe adafunsa funso limene lidakhalitsa mzikiti chete: ngati miyeso imeneyi ili yoona payokha, bwanji imasintha? M'chaka cha 1898 asilikali a Angerezi adagonjetsa Angoni a Mpezeni, adapha mwana wake Nsingo amene ankatsogolera nkhondo, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Boma la Mchinji lidayamba ngati linga la atsamunda lotchedwa Fort Manning, monganso Chipata idali Fort Jameson. Nthungo itagwa pansi ndipo makola atatsala pululu, kudabwera msonkho wa nyumba, ndipo Mngoni, Mchewa ndi Myao yemwe adalondola njira ya ku Harare ndi ku migodi ya ku Joni. Mwamuna tsopano adakhala iye wobwera ndi jekete, njinga ndi sutikesi. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo. TEBA imene idatsatira idatha m'chaka cha 1988. M'zaka za m'ma 1970 minda ikuluikulu ya fodya idafalikira ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndipo mwamuna adakhala iye wotuluka ndi mabelo ambiri. Lero mnyamata amayesedwa ndi njinga yamoto ya kabaza ndi foni yam'manja. Muyeso wokwera ndi kutsika ngati mtengo wa fodya ku Kanengo, munthu angamangepo bwanji ulemu wake?

Matenda amenewa sadayambire kuno. Maarabu a nthawi ya umbuli, Chisilamu chisanafike, adali ndi muyeso wao wa umuna: kuchuluka kwa ana aamuna, kutchuka kwa fuko, kubwezera magazi, ndi kupha ngamira zambiri pamaso pa alendo kuti dzina limveke. Zina mwa izi, monga kulandira alendo ndi kusunga pangano, Chisilamu chidazisunga nichiziyeretsa. Zina chidazigwetsa. Surah An-Nahl, ndime 58 ndi 59, ikufotokoza za bambo amene nkhope yake inkada akauzidwa kuti wabereka mwana wamkazi, nayamba kubisala kwa anthu ndi kulingalira zomukwirira wamoyo. Munthu ameneyo ankadziona ngati akuteteza umuna wake, pamene anthu omuzungulira ankamuombera m'manja.

Qur'an yolemekezeka siikana kuti mitundu ilipo. Surah Al-Hujurat, ndime 13, ikutiphunzitsa kuti kusiyana kwa mitundu ndi mafuko kudaikidwa ndi Allah Mwini kuti tidziwane, ndi kuti ulemerero pamaso pake umatsata taqwa, kumuopa Iye. Choncho Ungoni, Uchewa ndi Uyao ndi maina odziwirana, osati makwerero oti wina akhale pamwamba pa mnzake. Ndipo tikafufuza malo amene Qur'an ikutamanda anthu powatchula kuti amuna, tipeza zinthu zosayembekezeka. Mu Surah At-Tawbah, ndime 108, ndi anthu okonda kudziyeretsa. Mu Surah An-Nur, ndime 37, ndi amalonda amene malonda ao sawaiwalitsa swala ndi zakaat. Mu Surah Al-Ahzab, ndime 23, ndi osunga lonjezo lao kwa Allah. Ng'ombe mulibe, ulendo mulibe, ngakhale kukula kwa thupi mulibe. Abdullah bin Mas'ud (R.A.) adali munthu woonda, ndipo tsiku lina atakwera mumtengo mphepo idaonetsa timiyendo take, maswahaba naseka. Imam Ahmad adalandira kuti Mtumiki (S.A.W.) adawadziwitsa kuti miyendo imeneyo pa sikelo ya tsiku la Qiyamah idzalemera kuposa phiri la Uhud. Ndipo mu Bukhari ndi Muslim muli hadith ya Abu Hurairah (R.A.) yophunzitsa kuti nyonga zenizeni sizili pa kugwetsa anzako pa kulimbana, koma pa kudzigwira mkwiyo ukafika pakhosi. Pa muyeso umenewu, adatero Shehe, bwalo la ukwati lija lidabalalika popanda mbali yopambana.

Pamene adakhalitsa kwambiri ndi pa nkhani ya mkamwini, chifukwa ndi dzina limene lidatukwanidwa pabwalo paja. Adatikumbutsa za Mneneri Musa (A.S.) monga momwe Surah Al-Qasas ikusimbira. Musa adafika ku Madyan ali wothawa, wopanda chuma, wopanda mbale. Adathandiza atsikana awiri kumwetsa ziweto zao, ndipo bambo wao wokalamba adamukwatitsa mmodzi mwa iwo pa pangano loti amugwirire ntchito zaka 8, kapena 10 ngati iye mwini afuna. Kodi ameneyu si mkamwini? Adakhala pamudzi pa apongozi ake, akuweta ziweto zosakhala zake, ndipo adachoka ndi banja lake nthawi itakwana, monga wopempha chitengwa. Ali pa njira imeneyo ndi pamene Allah adamuyankhula. Ndipo tione chimene mtsikana uja adaona mwa Musa pomuyamikira kwa bambo wake, pa ndime 26: mphamvu ndi kukhulupirika. Zinthu ziwirizi sizisiyana. Mphamvu yopanda kukhulupirika ndi ya chigawenga. Mtumiki wathu (S.A.W.) naye adayamba ngati woyendetsa malonda a mayi Khadija (R.A.), amene adali wolemera ndi wamkulu kuposa iye, ndipo chidakopa mayiwo ndi kukhulupirika komweko. Tsono amene amanyoza mkamwini, kapena mwamuna amene mkazi wake amapeza ndalama zochuluka kumuposa, ayambe waganiza kawiri za anthu amene akuwaphatikiza m'chitonzocho.

Koma a chikamwini nafe tisafulumire kusekerera, pakuti mwambo wathu uli ndi bala lake. Alipo abambo pakati pathu amene amati ana ndi a kwa mkazi, fizi akapemphe kwa amalume ao. Ichi Chisilamu sichivomereza. Surah Al-Ahzab, ndime 5, ikulamula kuti mwana aitanidwe ndi dzina la bambo wake, ndipo Surah Al-Baqarah, ndime 233, ikuika chakudya ndi chovala cha mayi woyamwitsa pa mapewa a bambo wa mwanayo. Amalume ali ndi ulemu wao, ndipo Mtumiki (S.A.W.) adanyadira poyera Sa'd bin Abi Waqqas (R.A.) monga malume wake, koma malume salowa m'malo mwa bambo amene ali moyo. Mbali inayi, ng'ombe sizigula mwana kuti mayi wake asakhalenso ndi mau pa iye, kapena kuti mwamuna akamwalira abale ake athamangitse mkazi wamasiye ndi kulanda mbale ndi mabulangete. Gawo la mkazi ndi la mwana wamkazi pa chuma chamasiye lidatchulidwa mu Surah An-Nisa zaka zoposa 1,400 zapitazo, ndipo lamulo la dziko lino la chuma chamasiye la chaka cha 2011 likuti kulanda kotere ndi mlandu.

Ambiri amathamangira ndime 34 ya Surah An-Nisa, imene ikupatsa amuna udindo woyang'anira mabanja, naiwerenga ngati chikalata cha ufumu. Ndime yomweyo ikumanga udindowo ku kupereka kwa mwamuna kuchokera m'chuma chake. Ndi katundu wosenza, osati mpando wokhalapo. Mayi Aisha (R.A.) atafunsidwa zomwe Mtumiki (S.A.W.) ankachita m'nyumba, adayankha kuti ankatumikira banja lake kufikira nthawi ya swala, ndipo m'malandiridwe ena adatchula kusoka chovala chake, kukonza nsapato zake ndi kukama mbuzi. Mayi yemweyu adachitira umboni kuti dzanja la Mtumiki silidamenyepo mkazi kapena wantchito. Ife timati mwamuna akagwira mthiko wadyetsedwa mankhwala. Tinene zoona, pamenepa mwambo wa Mngoni, wa Mchewa ndi wa Myao umagwirizana bwino lomwe, ndipo onse atatu akutsutsana ndi sunnah.

Palinso miyambi imene timaikonda chifukwa imatipatsa chilolezo. Timati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Timati tonde azinunkha. Miyambi imeneyi yadzaza manda m'midzi mwathu chiyambire mliri wa Edzi, ndipo malo a malire ngati Mchinji, kumene magalimoto akuluakulu amagona, ndi madoko a nsomba a kwathu kuno, akudziwa bwino mtengo wake. Mdulidwe ndi sunnah ya Mneneri Ibrahim (A.S.) ndipo timausunga. Kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda pakati pa 2005 ndi 2007 adaonetsa kuti umachepetsa mwayi woti mwamuna atenge kachirombo kwa mkazi ndi pafupifupi 60 pa 100 aliwonse. Kuchepetsa si kuthetsa. Mnyamata wotuluka ku ndagala atauzidwa kuti tsopano wakula, akayese, wanamizidwa kawiri: pa chipembedzo, popeza chiwerewere ndi haramu kwa wodulidwa ndi wosadulidwa yemwe, ndi pa thanzi lake. Ndipo jando silidaperekedwe kuti tizitukwanira nalo anansi athu.

Shehe adatsitsa mau pofika pa amuna amene miyeso ya anthu imawaphwanya mwakachetechete. Woyamba ndi amene sadabereke, kapena wabereka ana aakazi okhaokha. Timamutcha gojo, timamuimba pa zitsime, ndipo m'midzi ina amamufunira fisi mobisa kuti manyazi achoke, chimene ndi chiwerewere chovekedwa dzina lina. Surah Ash-Shura, ndime 49 ndi 50, ikunena poyera kuti kupatsa ana aakazi, ana aamuna, onse awiri, kapena kusapatsa nkomwe, kuli m'manja mwa Allah. Ana aamuna onse a Mtumiki (S.A.W.) adamwalira ali aang'ono, ndipo adani ake ku Makkah adamutonza kuti ngwodukidwa mbeu. Surah Al-Kawthar idatsika kuyankha chitonzo chimenecho, ndipo mbumba yake yafika lero kudzera mwa mwana wamkazi, Fatima (R.A.).

Wachiwiri ndi amene wagwa pa chuma. Fodya wakanidwa ku okushoni, ngongole yakula, boti lamira ndi chilimira chongongola, ndipo kuyambira ali mwana adauzidwa kuti mwamuna salira. Sauza mkazi wake, sauza mbale wake, sauza Shehe. Malipoti a apolisi a zaka za kuyambira 2020 akhala akuonetsa kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno ochuluka kwambiri ndi amuna. Mtumiki (S.A.W.) adagwetsa misozi pamaso pa maswahaba mwana wake Ibrahim akutsirizika, ndipo Abdur-Rahman bin Auf (R.A.) atadabwa adamuuza kuti chimenecho ndi chifundo. Al-Aqra' bin Habis, mfumu ya fuko lake, adadzitama kuti ali ndi ana 10 ndipo sadapsompsonepo ndi mmodzi yemwe, koma Mtumiki adamuchenjeza kuti wosachita chifundo sadzachitiridwa chifundo. Tikulangizana kuti m'bale akasowa pa swala ya Fajr masiku angapo, ndipo tikudziwa kuti malonda ake agwa, tisadikire kumva mfuu. Tipite tikakhale naye pakhonde.

Za ku Joni adangozikhudza, popeza tidazimva kale m'makhutba ena. Kusaka halali kutali si tchimo. Koma mwamuna wotha zaka zisanu osatumiza kanthu, atakwatiranso kumeneko mkazi wa kuno asakudziwa, akumbuke hadith ya mu Abu Dawud yoti kutaya anthu amene akudalira iwe nkokwanira kukhala tchimo. Khalifa Umar (R.A.) adaika malire a miyezi yowerengeka kuti msilikali asakhale kutali ndi mkazi wake, chonsecho amenewo adali pa ntchito ya Asilamu onse. Ndipo amene adabwera chimanjamanja pa zipolowe zothamangitsa alendo za 2008 ndi 2015 sadachepe umuna potsika basi ndi jumbo lokha.

Swala itatha, mkulu wina adakhalira ndi kufunsa chimene ambiri ankafuna kumva: nanga ng'ombe zija ziperekedwe kapena ayi? Shehe adayankha kuti tisiyanitse zinthu ziwiri. Mahari ndi lamulo, ndipo Surah An-Nisa, ndime 4, ikuti ngwa mkazi mwini wake, osati wa bambo wake kapena amalume ake. Atha kukhala wochepa, pakuti Mtumiki (S.A.W.) adauzapo munthu wosauka kuti akasake ngakhale mphete yachitsulo. Zimene makolo a mtsikana akupempha monga mwa mwambo wao si mahari. Ngati mnyamata angathe kuzipereka monga mphatso yolemekeza apongozi, popanda kulowa katapila, ndipo mbali zonse zamvana poyera kuti mphatsoyo siikugula mkazi kapena ana, iye sadaone choletsa. Koma mahari atchulidwe padera pa nikaah, alandiridwe m'manja mwa mkwatibwi. Adapemphanso amalume aja kuti akabweze mau a ndagala amene adatukwanira anzao, ndipo adalonjeza kuperekeza yekha ankhoswe kwa akuchikazi. Pamene timalemba chidulechi mbali ziwirizi zidali zisanakumanenso. Zidapangana kudikira kuti mtedza uyambe wagulitsidwa.